Zionetsero zogwira ndi manja: njira ina yolimbana ndi akuba a pa foni

LUSAKA – Mu August 2025, bungwe la apolisi a m'maiko osiyanasiyana la Interpol linalengeza kuti a zacitetezo a m'Zambia anaphwasula gulu la akathyali limene linanyenga anthu okwana 65,000. Ndalama zimene anthuwo anataya akuti zinafika pa madola a ku America 300 miliyoni, ndipo anthu 15 anamangidwa. Akathyaliwo sanathyole citseko ca nyumba iliyonse. Anafalitsa uthenga wakuti woika ndalama zake m'malonda a ndalama za pa intaneti zochedwa cryptocurrency adzapeza phindu lalikulu, ndipo anthu anatumiza ndalamazo ndi manja awo. Cinali cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi zinacitika pambuyo pa zaka zambiri za macenjezo. Bungwe loyang'anira za mauthenga la ZICTA, Bank of Zambia, apolisi ndiponso makampani a foni akhala akubwereza mau amodzimodzi pa wailesi, pa zikwangwani ndi m'mauthenga a pa foni: musauze munthu aliyense nambala yanu yacinsinsi ya PIN, musatumize ndalama kwa munthu amene simum'dziwa. Ndi anthu ocepa okhala ndi foni amene sanamvepo mau amenewa. Komabe kuba kukupitirira, ndipo oberedwa si anthu osaphunzira okha. Ambiri a iwo angachule cenjezolo pamtima.

M'maiko ena, nyumba zoonetsera zinthu, mabanki ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu ayesa njira ina. Akonza zionetsero zimene munthu sangoyang'ana ndi maso cabe. Amagwira, amasankha, amalakwitsa, n'kuona yekha cimene catuluka. Funso kwa Zambia ndi lakuti cionetsero cotere cingakonzedwe motani kuti cithandize mlimi wa ku Petauke ndi mayi wogulitsa tomato pa msika wa Soweto, m'malo mongokhala msasa wina wogawa timapepala ndi zipewa.

Ndalama zinasamukira pa foni

Kafukufuku wa FinScope wa caka ca 2020 anaonetsa kuti anthu acikulire oposa 58 pa 100 alionse m'Zambia anali kugwiritsa nchito mobile money. Mu 2015 anali 14 cabe pa 100. Pa zaka zisanu zokha, ndalama zimene kale zinali kusungidwa pa mfundo ya citenje kapena pansi pa mphasa zinasamukira pa foni. Malipiro a sukulu, ndalama za maliro, za cilimba ndi zogulitsa cimanga tsopano zimayenda mwa njira imeneyi.

Intaneti sinayende pa liwiro lomwelo. Kafukufuku wa ZICTA wa 2022 anapeza kuti munthu mmodzi yekha pa anthu 4 alionse ndiye anali atagwiritsako nchito intaneti. Ziwerengero ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimaonetsa munthu amene cionetsero ciyenera kuyamba naye. Ambiri amene ali ndi ndalama pa foni alibe kompyuta ndipo sawerenga imelo. Ali ndi kafoni ka mabatani, ndipo wakuba amawafikira ndi uthenga waufupi kapena ndi mau a pakamwa.

Misampha yake ndi yodziwika. Uthenga umafika wonena kuti ndalama zija muzitumize pa nambala iyi, dzina lidzaoneka lakutilakuti. Wina amaimba modandaula kuti watumiza ndalama molakwika ndipo apempha kuti zibwezedwe, pamene uthenga wa ndalamawo ndi wabodza. Wina amadzicha wanchito wa kampani ya foni, n'kunena kuti nambala idzatsekedwa lero lomwe ngati mwini wake sachula PIN. Kwa okhala ndi mafoni amakono, kuli opempha manambala 6 a WhatsApp, olonjeza nchito za boma, ndi olengeza malonda a phindu losaneneka. Cionetsero cokamba za mavairasi a kompyuta ndi zithunzi za munthu wobisa nkhope m'mdima cingasangalatse ana a sukulu, koma sicikhudza bvuto limene anthu ambiri akukumana nalo.

Wakuba amayeseza, woberedwa sanayesezepo

Mu April 2024, bungwe la Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi ndi nthambi zina za boma linalowa pa kampani ya Golden Top Support Services ku Roma, m'Lusaka, n'kugwira anthu 77. Pamalopo panapezeka ma SIM khadi oposa 13,000. Mu June caka comweco khoti linagamula anthu oposa 20, ambiri a iwo a ku China, kukakhala m'ndende zaka zoyambira pa 7 kufika pa 11.

Mfundo imodzi ya mlanduwo ndi yofunika kwa aliyense wofuna kuphunzitsa anthu. Acinyamata a m'Zambia a zaka za pakati pa 20 ndi 25 amene analembedwa nchito pamalopo anali kuceza ndi anthu pa WhatsApp ndi pa Telegram motsatira mau olembedwa kale. Wakuba, mwa njira imeneyi, amakhala atayeseza. Amadziwa cimene adzanene munthu akakayikira, akakwiya kapena akapempha nthawi. Amakamba nkhani imodzimodzi kambirimbiri pa tsiku, ndipo amaikonza ikalephera. Woimbiridwayo akukumana nayo koyamba, ali pa minibasi kapena ali pakati pa makasitomala, mtima uli m'mwamba cifukwa wauzidwa kuti mwana wake ali kucipatala.

Apa ndi pamene cenjezo la pa cikwangwani limafookera. Munthu amaliwerenga mtima uli m'malo, koma amafunika kulikumbukira pamene mantha, cangu kapena cikhumbo ca phindu zamugwira. Kudziwa lamulo ndi cinthu cina, kukhala ndi cizolowezi codula foni ndi cinthu cinanso.

Kafukufuku wocitika kunja akugwirizana ndi zimenezi. Pa zipatala za yunivesite ya California ku San Diego, akatswiri anatumiza mauthenga acinyengo oyeserera kwa anchito 19,500 kwa miyezi 8. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2025, zinaonetsa kuti phunziro loperekedwa pa kompyuta munthu atangogwa mu msampha linacepetsa kugwanso ndi pafupifupi 2 pa 100 cabe. Anthu 75 pa 100 anayang'ana phunzirolo mphindi imodzi kapena kucepera apo. Ku Switzerland, akatswiri a yunivesite ya ETH Zurich anatsatira anchito oposa 14,000 a kampani ina kwa miyezi 15, ndipo anapeza kuti phunziro la mtundu umenewu silinawalimbitse. Cimene cinathandiza ndi batani lodziwitsira akuluakulu za uthenga wokayikitsa, cifukwa msampha watsopano unali kudziwika msanga.

Kafukufukuyu anacitika m'maofesi ndipo anali wa imelo, koma phunziro lake likufika mpaka pa msika wa Kapata ku Chipata: kuuza munthu sikum'konzekeretsa. Nchito yeniyeni ya cionetsero ndi kupatsa anthu malo oyesezera, pamene kulakwitsa sikutayitsa ngwee.

Zimene ena anayesa

Maganizo akuti munthu amaphunzira bwino ndi manja si atsopano. Mu 1969 katswiri wa sayansi Frank Oppenheimer anatsegula nyumba ya Exploratorium ku San Francisco, kumene alendo amaloledwa kugwira ndi kuyesa zinthu m'malo mozionera kuseri kwa galasi. Nyumba zambiri za sayansi pa dziko lapansi zinatengera citsanzo cimeneci.

Pa nkhani ya citetezo ca pa intaneti, citsanzo cochuka ndi The Glass Room, cionetsero cimene bungwe la Tactical Tech la ku Berlin linakonza pamodzi ndi Mozilla. Cinatsegulidwa ku New York mu 2016, ku London mu 2017 ndi ku San Francisco mu 2019. Kunja kwake cinali kuoneka ngati sitolo yodula ya mafoni ndi makompyuta, koma m'kati munalibe cogulitsa. Pakati pa zoonetsedwa panali mabuku 8 a katswiri wa zaluso Aram Bartholl, osindikizidwamo mapasiwedi 4.7 miliyoni amene anabedwa ku LinkedIn mu 2012. Mlendo anali kutsegula buku n'kufunafuna pasiwedi yake. Woipeza sanafunikenso womuuza kuti inali yofooka. Kumapeto kwa cipinda kunali tebulo la anthu ophunzitsidwa kuthandiza mlendo kusintha zinthu pa foni yake pomwepo. Pambuyo pake okonzawo anatulutsa mtundu waung'ono wa cionetseroco, wa mapepala okhoma pa khoma, umene masukulu ndi malaibulale a m'maiko ambiri anatha kudzikonzera okha.

Ku Brussels mu 2012, bungwe la mabanki a ku Belgium la Febelfin linamanga tenti pa bwalo lina la mumzinda. M'katimo munali munthu wodzicha woombeza, amene anali kuuza odutsa m'njira zinsinsi zawo: maina a anzawo, mtundu wa nyumba yawo, ngakhale ndalama zimene anaononga. Pomaliza nsalu inali kugwa, n'kuonetsa anthu okhala pa makompyuta amene anali kutola zonsezo pa intaneti. Ku Berlin, nyumba yoonetsera za ukazitape imene inatsegulidwa mu 2015 ili ndi malo amene mlendo amalembapo pasiwedi, n'kuona nthawi imene makina angatenge kuti aitulukire.

Zitsanzo zonsezi zili ndi mfundo zitatu zofanana. Mlendo amacita cinthu ndi manja ake. Cimene watulukira cimakhudza iye mwini. Ndipo asanacoke amapatsidwa cocita. Koma zonse zinakonzedwera anthu odziwa kuwerenga, okhala ndi mafoni amakono, m'mizinda imene magetsi sazima kawirikawiri. Kuzitenga mmene zilili n'kuziika ku Lundazi kungakhale kutaya ndalama.

Cionetsero ca kuno

Cionetsero cokonzedwera Zambia ciyenera kuyambira pa cinthu cimene aliyense amacidziwa: kanyumba ka mobile money ka m'mbali mwa mseu. Mlendo akalowa angapatsidwe kafoni ka mabatani ka pa cionetsero pomwepo, kokhala ndi ndalama zamasewera, tinene K500. Ali m'kati moonerera zina, kafoniko kalira. Woimbayo ndi wosewera wobisika kuseri, wolankhula mwaulemu ngati wa ku ofesi, ndipo akum'fulumizitsa. Mlendo asankha yekha: achule PIN, atumize ndalama, afunse mnzake, kapena adule foni. Akatuluka, apeza pa bolodi ndalama zimene zam'tsalira.

Cofunika kwambiri cimabwera pambuyo pake. Wosewera uja atuluke, agwirane canza ndi mlendo, ndipo awiriwo abwereze zimene zinakambidwa, mau ndi mau. Ndi pati pamene anamuopseza? Ndi pati pamene anamuletsa kufunsa wina? Kenako mlendo ayesenso, ndi nkhani ina. Munthu amene wadula foni kawiri pa masewera wayamba kale cizolowezi cimene cikwangwani sicikanam'patsa.

Si zonse zimene zifuna makina. PIN ya manambala 4 ingalembedwe m'njira 10,000. Njere za cimanga 10,000 sizidzaza ngakhale meda imodzi. Okonza angaike njerezo m'beseni, imodzi yokha itapakidwa utoto, n'kupempha mlendo kuti aipeze atatsinzina. Pambali pake angaike kambale ka njere pafupifupi 100, zoimira zaka zimene anthu amoyo lero anabadwa. Wosankha caka cake cobadwa kukhala PIN wacotsa ndalama zake m'beseni n'kuziika m'kambale. Ndipo caka cimeneco calembedwa pa citupa ca NRC, cimene anthu amapereka m'manja mwa ena nthawi zambiri. Phunziro lotere agogo angalimve mofanana ndi mdzukulu wawo.

Tebulo lina lingakhale la makhadi olembedwa mauthenga, ena oona, ena abodza, kuti banja kapena gulu la anzawo likangane posankha. Anthu amapita ku zionetsero m'magulu, ndipo mkangano wotere ndi wopindulitsa, cifukwa citetezo ceniceni pa nthawi ya msampha ndi kufunsa munthu wina usanatumize ndalama. Safunsa anadya phula.

Cinenero naco ndi nkhani yaikulu. Wakuba amalankhula Cinyanja ca m'tauni, Cibemba kapena Citonga, malinga ndi munthu amene wam'peza. Cionetsero colembedwa m'Cingerezi cokha casiya kale ambiri panja. Zinenero 7 zimene zimagwiritsidwa nchito pa wailesi ndi m'masukulu ziyenera kumveka, ndipo mau a pakamwa ayenera kuposa olembedwa.

Magetsi nawonso sayenera kudaliridwa. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, madera ambiri anali kukhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Cionetsero cimene cimafa magetsi akazima, kapena cofuna intaneti yamphamvu, sicingacoke m'Lusaka. Mafoni a mabatani, kasola kamodzi, makhadi, beseni ndi anthu ophunzitsidwa bwino zingakwane m'galimoto imodzi.

Pomaliza, mlendo acoke atacita cinthu cimodzi ceniceni. Angasinthe PIN yake ali payekha pa malo obisika. Angaike loko waciwiri pa WhatsApp. Angayeseze kudziwitsa ZICTA za nambala ya akathyali kudzera pa *707#. Malangizo khumi pa pepala amathera m'thumba pamodzi ndi tikiti yolowera. Cinthu cimodzi cocitidwa ndi zala cimatsala.

Mbewa ya manyazi

Cionetsero cimene cimagwetsa anthu dala mu msampha cili ndi ngozi yake. Bambo wolemekezeka akagwa pamaso pa ana ake ndi gulu la anthu oseka, cimene adzakumbukira ndi manyazi, ndipo sadzalowanso. Coopsa koposa n'cakuti tsiku limene adzaberedwe zenizeni adzakhala cete. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Akathyali amadalira kwambiri kukhala cete kwa oberedwa, cifukwa nambala imene sinanenedwe imapitiriza kuba.

Motero malo oimbirapo foni ayenera kukhala obisika, ndipo zotsatira za munthu zisalengezedwe. Cimene cingaonetsedwe poyera ndi ciwerengero ca onse amene agwa tsikulo, popanda maina. Munthu akaona kuti ambiri anagwa monga iye, amamasuka kukamba. Ngati woyamba kulowa ndi mkulu wa boma kapena wa kampani, ndipo wabvomera poyera kuti nayenso wanyengedwa, ena onse amapepukidwa mtima.

Olandira alendo nawonso asankhidwe mosamala. Katswiri wa makompyuta wobvala suti angadziwe zambiri, koma mayi wa pa msika amakhulupirira msanga mnzake amene anaberedwapo ndipo ali wokonzeka kufotokoza mmene zinacitikira. Maejenti a mobile money ndi ofunika kwambiri pa nchitoyi. Ndiwo amaona munthu akubwera mothamanga, foni ili kukhutu, akufuna kutumiza ndalama pa nambala yacilendo. Ejenti wophunzitsidwa kufunsa funso limodzi pa mphindi imeneyo angapulumutse ndalama zambiri kuposa cikwangwani ca pa Cairo Road.

Cikhulupiriro ndi malamulo

Pa zionetsero zambiri, alendo amapemphedwa kulemba dzina ndi nambala ya foni m'buku kuti alowe mpikisano wa mphoto. Msasa wophunzitsa za citetezo ukacita zimenezi umadzitsutsa wokha, cifukwa ukuzoloweretsa anthu kupereka nambala kwa mlendo polonjezedwa mphoto, ndipo umu ndi mmene akathyali ambiri amayambira. Lamulo loyamba la cionetsero cotere liyenera kulembedwa pakhomo ndi kunenedwa pakamwa: pano sitifunsa dzina, nambala, citupa kapena PIN yeniyeni, ndipo sitigwira foni ya munthu. Ngakhale pa malo oyesera mphamvu ya pasiwedi, mlendo auzidwe kulemba yongopeka.

Tenti ya ku Brussels, ngakhale inachuka, ndi yobvuta kuitengera pa cifukwa comweci. Kufufuza za munthu asanabvomereze kungasemphane ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, limene limaika malire pa kusonkhanitsa ndi kugwiritsa nchito nkhani zaumwini za anthu.

Palinso nkhani ya amene akuonetsa. Mu April 2025 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anasaina malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, amene analowa m'malo mwa lamulo la 2021. Lamulo loyambalo linakhazikitsa bungwe la Zambia Cyber Security Agency pansi pa ofesi ya Mtsogoleri wa dziko. Boma linati colinga cake ndi kuteteza nzika ku cinyengo ndi nkhanza za pa intaneti, ndipo linati kumvetsera mauthenga a munthu kumafuna cilolezo ca khoti. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi mabungwe ena anadandaula kuti malamulowo apereka mphamvu zambiri zoyang'anira nzika, ndipo ofesi ya kazembe wa America inacenjeza anthu ake za nkhaniyi.

Mkangano umenewu udzalowa m'tenti pamodzi ndi alendo. Ena adzafunsa ngati boma limawerenga mauthenga awo. Cionetsero coona mtima ciyenera kukhala ndi malo oyankhira funsoli: cimene lamulo limalola, cimene limaletsa, ndi kumene munthu angakadandaule. Kulizemba kungacititse anthu kukayikira zonse zimene aphunzitsidwa. N'cifukwa cake kungakhale kwanzeru kuti nchitoyi isakhale ya bungwe limodzi. Mayunivesite, nyumba zoonetsera zinthu zakale, mabungwe oima paokha ndi magulu a zisudzo akakhalapo pamodzi ndi boma ndi makampani, anthu amalowa mtima uli pansi.

Kumene anthu ali

Malo osonkhanira alipo kale. Cionetsero ca zamalonda ca Zambia International Trade Fair cimacitika ku Ndola kuciyambi kwa July, ndipo ca zaulimi ndi zamalonda ca ku Lusaka cimathera pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la August. Nyengo imeneyi ndi yomwenso alimi amagulitsa zokolola, pamene ndalama zimaculuka pa mafoni a kumidzi. Nyumba zoonetsera zinthu zakale za ku Lusaka, Livingstone, Ndola, Choma ndi Mbala zimalandira ana a sukulu caka conse, ndipo zingasunge mbali ya cionetsero kwa nthawi yaitali.

Komabe wolowa m'bwalo la cionetsero amalipira pakhomo, ndipo ambiri ofunika kufikiridwa sapitako. Kum'mawa, mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February ndi wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa August imasonkhanitsa khamu la anthu. Ku Kulamba kumafika Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, anthu amene amatumizirana ndalama kudutsa malire. Ndi cilolezo ca mafumu, tenti yoikidwa kunja kwa bwalo la mwambo ingafikire anthu amene cikwangwani ca m'tauni sicinawaonepo. Misika, malo okwerera mabasi, madepoti ogulitsirapo cimanga ndi mabwalo a machalichi ndi malo enanso oyenera.

Kufika kamodzi sikukwanira. Kafukufuku wa mu 2020 pakati pa anchito a boma m'cigawo cina ca Germany anapeza kuti anthu anali akuzindikirabe mauthenga acinyengo patapita miyezi 4 ataphunzitsidwa, koma pofika miyezi 6 luso lija linali litazirala. Nawonso akathyali amasintha nkhani malinga ndi nyengo: ya feteleza pa nthawi yolima, ya malo a sukulu mu January, ya nchito pamene boma lalengeza kuti lilemba anthu. Cionetsero ciyenera kubwerera ndi nkhani zatsopano, ndipo pakati pa maulendo ake masukulu, magulu a cilimba ndi mawailesi a m'madera angakumbutse anthu.

Malire ake

Pa zionetsero zikuluzikulu, misasa imapikisana kuti ilandire cikho ca msasa wokongola, ndipo malipoti amawerenga anthu amene analowa. Ziwerengero zimenezi sizinena ngati munthu watetezeka. Cofunika kuwerenga ndi ici: pa anthu amene anagwa ulendo woyamba, ndi angati anadula foni ulendo waciwiri? Ndi angati anasintha PIN? Kodi manambala onenedwa pa *707# kucokera m'boma limene tenti inafikako anaculuka? Zonsezi zingawerengedwe popanda kulemba dzina la munthu. Ndipo cionetsero cisanamangidwe ndi ndalama zambiri, ciyesedwe coyamba ndi makatoni pa msika umodzi, kuti zimene anthu sakumva zicotsedwe.

Palinso malire amene cionetsero sicingadumphe. Kulembetsa ma SIM khadi kwakhala kokakamiza m'Zambia kwa zaka zoposa khumi, koma makhadi oposa 13,000 anapezeka pa malo amodzi ku Roma. Palibe phunziro la pa msika limene likanaletsa zimenezo. Imeneyo ndi nchito ya makampani a foni, ya ZICTA ndi ya apolisi: kutseka mipata ya kalembera, kuzimitsa msanga nambala yonenedwa, kuimitsa ndalama zisanatapidwe, ndi kuyankha wodandaula. Munthu amene waphunzitsidwa kunena, n'kupeza kuti kunena kwake sikunaphule kanthu, sadzanenanso. Kuphunzitsa anthu kukasanduka njira yokankhira mlandu wonse kwa woberedwa, ndiye kuti cionetsero cathandiza wolakwa.

Ngakhale mabungwe akuluakulu amagwa. Mu May 2022 akuba a pa intaneti analowa m'makina ena a Bank of Zambia n'kufuna dipo, ndipo bankiyo inakana kulipira. Mabungwe otere ali ndi akatswiri ndi njira zobwezeretsera zimene zaonongeka. Mlimi amene wagulitsa matumba 30 a cimanga alibe zimenezo. Ndalama za caka conse zili pa kafoni kamodzi, ndipo zingacoke pa mphindi ziwiri.

Okonza zionetsero za ku Ndola ndi ku Lusaka, pamodzi ndi mabungwe amene amalipira misasa kumeneko caka ndi caka, ali kale ndi malo, anthu ndi ndalama. Cimene catsala ndi kusankha ngati mlimi uja adzatuluka m'msasa ndi cipewa ndi kapepala, kapena adzatuluka atamvako kale mau a wakuba, atawadula, ndipo akudziwa kumene angakanene.